Musanakhome chikwangwani cha "Gulani Muwine"

Kukayandikira Khirisimasi kapena masukulu akamatsegulira, mashopu ambiri mu Mzuzu muno, kuyambira m'tauni mpaka ku Luwinga ndi ku Chibavi, amatulutsa mipikisano: gulani matumba asanu a simenti mulowe m'mayere a njinga yamoto. Eni ake ambiri amayesa kuti imeneyi ndi nkhani ya iwo ndi makasitomala awo basi. Sichoncho ayi.

Ngati wopambana akupezeka mwamwayi, kaya potola kapepala m'bokosi, pokanda khadi kapena kompyuta posankha nambala, mpikisanowo uli m'manja mwa Malawi Gaming and Lotteries Authority, MAGLA, bungwe la boma loyang'anira juga ndi mayere. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 lomwe linaphatikiza Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board. Chilolezo cha MAGLA chimapemphedwa musanalengeze, osati mapepala atayamba kale kudzaza bokosi. Afunseni ndalama yolipira ndi nthawi imene amatenga kuti ayankhe, ndipo pokonza tsiku loyambira muwerengere masiku amenewo.

Pamene ambiri amagwera ndi pa malamulo a mpikisanowo. Alembeni papepala limodzi lomwe kasitomala angawerenge pakauntala. Tchulani tsiku loyamba, tsiku ndi ola lotsekera, komanso tsiku ndi malo a mayere. Nenani amene saloledwa kulowa: osakwana zaka 18, antchito anu ndi abale awo. Mphoto muitchule mwatchutchutchu. Mawu oti "njinga yamoto" sakwanira. Lembani mtundu wake, kuti ndi yatsopano, ndiponso amene adzalipire zolembetsa ku Road Traffic. Apa ndi pamene mikangano imabukira, wopambana atafika ndi achibale ake onse n'kumva kuti pali ndalama ina yoti atulutse. Lembaninso masiku amene wopambana ali nawo kuti adzatenge mphoto, ndi zimene mudzachite foni yake ikapanda kupezeka, mwachitsanzo kuimba katatu m'masiku awiri kenako kutolanso dzina lina.

Ine ndimalimbikira chinthu chimodzi: gulani mphotoyo mpikisano usanayambe, muiike poonekera. Mitengo imasintha msanga, ndipo wodalira phindu la mpikisano kuti adzagulire mphoto amathera posintha firiji kukhala wailesi. Kumeneko ndi kunamiza ogula, ndipo ndi mlandu.

Makuponi akhale ndi manambala otsatana ndipo alumikizane ndi nambala ya risiti. Bokosi likhale lokhoma. Pa tsiku la mayere atole ndi munthu wapadera pamaso pa anthu, wina azijambula, mayina alembedwe nthawi yomweyo ndipo mboni zisayine.

Mawu otsatsira malonda amaonedwa ndi Competition and Fair Trading Commission, CFTC, bungwe la boma loona kuti malonda azichitika mwachilungamo. Lamulo lawo latsopano linayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2024, ndipo limawapatsa mphamvu zolipitsa kampani chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zonse zomwe yalowetsa pachaka. Kukweza mtengo sabata ino kuti sabata yamawa mulembe kuti "watsika" ndi bodza. Kulengeza shuga wotchipa muli ndi mabelo awiri okha, osanena kuti ndi wochepa, ndi bodzanso. Chimodzimodzi kukakamiza munthu kugula sopo kuti mumugulitse shugayo, kapena kupachika uthenga woti katundu akatuluka sabwezedwa ngakhale atapezeka wowonongeka.

Kuno kumpoto palinso china chimene chimaiwalika. Uthenga umapita pa Voice of Livingstonia kapena Radio Tigabane m'Chitumbuka, pa chikwangwani m'Chichewa, pa Facebook m'Chingerezi. Onetsetsani kuti zonse zikunena tsiku limodzi ndi mphoto imodzi, chifukwa kasitomala adzagwira chimene anamva iye.

Zikwangwani za mumsewu ndi galimoto yozungulira ndi zimkuzamawu zimafuna chilolezo cha khonsolo ya mzinda wa Mzuzu.

Nanga manambala a foni ali pamakuponi aja? Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, limafuna kuti munthu adziwe chimene mwatengera nambala yake. Ngati mukufuna kudzamutumizira mauthenga a malonda, ikani kabokosi pakuponi koti achonge akavomera. Chithunzi cha wopambana nachonso musachiike pa Facebook asanalole molemba.