Kambalame ka pamiyala ya Nkhoma

Ku depoti ya Lilongwe tinakwera minibasi ya ku Dedza, n'kutsika pa Kamphata. Kuchoka apo, njinga yamoto inatitula pa mishoni ya Nkhoma, imene inakhazikitsidwa mu 1896. Za mishoni ndikamba tsiku lina. Ife tinkafuna phiri, kukaona kambalame kamene m'mabuku a mbalame amakatcha Cinnamon-breasted Bunting.

Mwezi wa September phirili limakhala louma gwa. Udzu anali atautentha anyamata osaka mbewa, ndipo pamtunda panatsala phulusa, miyala ndi tizitsamba tosowa masamba. Malo otere ndi amene kambalame aka kamakonda, chifukwa kamadyera pansi, kutola njere za udzu pakati pa miyala.

Tinayamba kukamva tisanakaone. Kanyimbo kake n'kafupi, kokhala ngati kokanda pakhosi, ndipo kamakabwereza kali chikhalire pamwala umodzi. Kakakufulatirani mutaya nthawi, msana wake ndi wofiirira wa mizeremizere, wofanana ndi mwala womwewo. Dikirani katembenuke. Mutu wake ndi wakuda, wodulidwa ndi mizere yoyera: wina pakati pa mutu, wina pamwamba pa diso, wina pansi pa diso, wina kutsikira kuchibwano. Pakhosi n'pakuda, koma chifuwa ndi mimba n'zofiira ngati dothi la katondo. Mlomo wakumunsi ndi wachikasu, wakumwamba wakuda. Kakakazi kali ndi mizere yomweyo, yongozimiririka pang'ono. 

Kali ndi abale ake omwe amasokoneza anthu. Golden-breasted Bunting mutu wake ndi wamizerenso, koma chifuwa n'chachikasu chowala, ndipo imakonda mitengo. Vincent's Bunting imakhalanso pamiyala, koma kumimba n'kotuwa ndipo mapiko ndiwo ofiira. Ine ndimati yang'anani mutu kaye, kenako chifuwa, basi. Za kukula musadalire, zonse n'zazing'ono mofanana.

Mnyamata wina woweta mbuzi anatipeza tikuloza mwala.

"Ankolo, mukuyang'ana chani pamenepo?"

Ndinamupatsa mabainokyula. Anayang'ana nthawi yaitali, mbuzi zake zikulowera kumunda kwa eni, kenako anati chisa cha kambalameko amachidziwa, chimakhala pansi, m'mbali mwa mwala kapena patsinde pa udzu. Anafuna kutitengera komweko. Ndinakana, poti legeni inali ikulendewera m'khosi mwake.