Tsiku limene 4G inandipereka kwa apongozi

Ana amene ayamba kugwira foni dzulodzuloli sadziwa kuti kale pamwamba pa foni pankakhala chilembo E. Akadaulo amati ndi EDGE, koma ife ku Ndirande tinkati chikuimira "Eee, dikirani." Ukafuna kuona chithunzi pa Facebook unkayamba wateleka madzi a nsima, ndipo pomavundula m'pamene mphumi ya munthu wa pachithunzipo inkayamba kuoneka. Tsiku labwino E uja ankasanduka H, koma pokhapokha utakwera pamulu wa njerwa za alandilodi, dzanja lili m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi.

Ndinkadandaula nawo limodzi anzanga, osadziwa kuti ulesi wa netiweki imeneyo ndi umene unkasunga banja langa. Ine chala changa n'chopupuluma. Kangapo konse ndinatumizapo uthenga kolakwika pa WhatsApp, koma kawotchi kaja kankangokhala pakona, uthenga osapita. Ndinkakhala ndi nthawi yozindikira, kudzitukwana, kuthimitsa data, kufufuta uthengawo, mwinanso kumwa madzi.

Ndiye mu 2016 4G inafika mu Blantyre muno. Anati pakufunika zinthu ziwiri: foni yoti imagwira 4G, ndi simu khadi yatsopano, nambala yomweyo. Foni ndinakagula ku Limbe, yogwirapo kale ntchito, yong'aluka pang'ono pakona. Loweruka ndinaima pamzere m'tauni kuyambira m'mawa mpaka mimba kulira. Chifukwa cha mtima wanga wabwino, umene mpaka lero ndimanong'oneza nawo bondo, ndinatenganso mayi akunyumba kuti asinthitse simu khadi yawo. Foni yawo inali kale yamakono, anawatumizira ndi achimwene awo a ku Johannesburg. Kwathu 4G yo inkagwira malo amodzi okha, pakhonde. Pasungeni pakhondepo, tibwererapo.

Lachisanu lotsatira, nthawi ya nkhomaliro ku Ginnery Corner, ndinali mfumu. Ndinagula bandulo ya 2 GB, m'mutu mwanga ndikuti imeneyi mwezi wonse. Tili pachiwaya, ndinatsegula YouTube n'kuika zigoli za Maule, ndipo kanemayo anangoyamba pompo, popanda kanthu kozungulira kaja. Amuna asanu anandiunjikira pamapewa, wina wa Manoma akuti ndichotse, wina mafuta a tchipisi akudonthezera pashati yanga. Kenako nyimbo, kenako nkhonya, kenako mbuzi ina yake yokwera njinga. Aliyense amene wadutsa ndimamuitana: "Bwana, tabwerani mudzaone liwiro!"

Chimene palibe anandiuza n'chakuti YouTube ikaona kuti msewu ndi wotakasuka imasankha yokha kanema wowala kwambiri, ndipo wotereyo pa ola limodzi angathe kumeza 1 GB kapena kuposa. Kuseri nakonso foni inali pantchito yake, mapulogalamu onse akudzikonza okha mosandipempha. Ndinali nditaika mpopi waukulu pamgolo womwe uja.

Koma zimenezo zinali zochepa.

Masiku amenewo kunyumba kunali apongozi anga ochokera ku Thyolo. Anabwera kudzaona mdzukulu kwa masiku atatu, ndipo inali sabata yachitatu. Anzanga atabalalika, mtima uli m'mwamba ndi ufumu wanga, ndinati ndimudandaulire mnzanga wa ku Bangwe. Ndinadina kamaikolofoni n'kuyamba. Ndinanena kuti amayiwa amathira masupuni asanu a shuga m'kapu imodzi, ndawerenga ndekha. Ndinanena kuti mkonono wawo uli ngati chigayo cha dizilo. Ndinanena kuti wailesi amatsegula 4 koloko m'bandakucha, nyimbo n'kumaimba nawo. Kuti zikome, mkononowo ndinauyerekeza, kawiri, mwaluso ndithu. Mphindi imodzi ndi theka.

Ndinachotsa chala. Pamwamba panalibe dzina la mnzanga uja. Panalembedwa "Banja Lathu", gulu la abale onse a mkazi wanga.

Chala chinathamangira kothimitsa data monga mwa chizolowezi, koma kawotchi sindinakaone n'komwe. Katiki kamodzi, timatiki tiwiri, basi. Ndipo musandifunse kuti bwanji sindinafufute kwa onse: batani limenelo WhatsApp inabweretsa kumapeto kwa 2017, ine nditaikidwa kale m'manda. Sipanathe mphindi ziwiri, alamu a ku Johannesburg analemba kuti: "Alamu, pitirizani, tikumvetsera."

Ndinalemba chipepeso chachitali, chokhala ndi vesi. Ndinati foni inali ndi mnzanga, ndinafufuta chifukwa mawu anali anga. Ndinati ndinkayeserera sewero la kutchalitchi, ndinafufutanso. Pomaliza ndinangolemba kuti ndalakwa, Satana anandilowa. Nditadina kutumiza, taonani kawotchi kaja kabwerera, kali phee pakona ngati sikanachokepo. Pompo uthenga unalowa wondiuza kuti bandulo yatha. Bandulo ya mwezi, yatha nkhomaliro imodzi. Mayunitsi amene anatsala nawonso anali atapita, chifukwa bandulo ikatha foni inkangoyamba kudya mayunitsi osagogoda. Chipongwe chinayenda pa 4G, chipepeso chinatsala pa Ginnery Corner. Ngakhale kufulasha mkazi wanga sindikanatha.

Chiyembekezo chinatsala chimodzi: apongozi ali ndi kafoni kamabatani, ndipo mwina mayi akunyumba sanatsegule data. Ndinanamiza abwana kuti m'mimba mwandipotokola (silinali bodza kwenikweni) n'kuthamangira minibasi. Inu mukudziwa, tsiku limene uli pachangu m'pamene kondakitala amaimitsa galimoto kudikira munthu amene akadali kusamba. Nditatsika pa Chinseu ndinakongola paketi ya shuga paokala, n'kuyamba liwiro.

Ndisanafike n'komwe pampanda ndinamva chigayo cha dizilo chikulira. Anali mawu anga.

Anali pakhonde, pamalo pomwe paja. Apongozi pamkeka, mkazi wanga chapambali foni ili m'manja, akazi a alandilodi atabwera ndi mpando wawowawo. Mwana wanga, wa zaka zinayi, anali ataphunzira kale mkononowo ndipo amathandizira.

"Abambo, mwaweruka msanga lero," anatero mkazi wanga, osandiyang'ana.

Ndinagwada, shuga ali kumbuyo. "Amayi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino akamwini, kaya inu? Khalani pansi. Netiweki yanu ija ndi yabwinodi, mawu akumveka ngati muli pompano." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Tabwezanso paja pa chigayo, sindinamvetse bwino."

Anabweza. Ndinamvetsera ndili chogwada.

Kenako anaitanitsa tiyi. Anakokera mbale ya shuga pafupi, natapa supuni yoyamba akundiyang'ana m'maso. "Imodzi." Anatapanso. "Ziwiri. Akamwini, muziwerenga nawo, paja inu ndi a masamu." Pa yachisanu anaima kaye, supuni ili m'malere, kenako anawonjezera yachisanu ndi chimodzi. Anatakasa pang'onopang'ono, nalawa, nagwedeza mutu.

"Mwabisa kumbuyoko perekani kuno. Ndimati ndinyamuke Lolemba, koma ndaona kuti mdzukulu wanga sanandizolowere."