Tsiku limene external yanga inayamba kufa ndi ukwati wa eni ake mkati

Ndimajambula zithunzi ndi makanema pa zinkhoswe ndi maukwati kuno ku Salima, kuyambira ku Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay ndi ku Chipoka. Ntchito yanga yonse inkakhala pa external imodzi ya 1TB, disiki yosungira mafayilo yolumikiza ku kompyuta ndi chingwe cha USB, kanthu kolowa m'thumba la malaya. Ndikachoka ku ukwati ndinkatsanulira zonse mmenemo, kadi ya kamera n'kuifufuta kuti ikagwirenso ntchito Loweruka lotsatira.

Zizindikiro zinalipo, kungoti ine sindinazilabadire. Foda imene kale inkatseguka nthawi yomweyo inayamba kuchedwa. Ndikamakopera kanema, ankafika pakati n'kuima, kenako n'kudzambatuka. Ndinkanamizira kutentha kwa Okutobala ndi ukalamba wa laputopu. Ndiye Lolemba lina nditailumikiza, Windows inanditulutsira uthenga woti disikiyo iyenera kufomatidwa kaye, kutanthauza kuifufuta kuti iyambe mwatsopano. Mkatimo munali ukwati wa ku Senga Bay, eni ake atalipira kale zonse, ine ndisanawapatse ngakhale chithunzi chimodzi.

Ndinadina Cancel, ndipo pa zonse zimene ndinachita m'mawa umenewo chanzeru chinali chomwecho. Kenako ndinayamba kuizula ndi kuibwezera, kuizula ndi kuibwezera, ngati wotokosa dzino lobowoka. Nditatopa ndinakwera kabaza kupita kwa alamu anga, amene amakonza mafoni ndi makompyuta.

"Alamu, chiyambireni mwaiyatsa kangati?"

"Mwina kasanu ndi kamodzi."

"Basi zakwana. Iyi ikudwala, ndipo nthawi iliyonse mukaiyatsa mukuidyera masiku. Sitiikonza ayi. Tingotulutsa katundu nyumba isanagwe."

Anayamba ndi zotsika mtengo: chingwe china, bowo lina la USB, kompyuta ina. Nthawi zambiri vuto limakhala pomwepo. Sizinasinthe. Anatsegula kabokosi kapulasitiki kakunja, n'kupeza mkati muli hard drive wamba ya laputopu yokhala ndi kabolodi kakang'ono kosinthira SATA, polumikizira pa disiki yeniyeniyo, kupita ku USB. Apa tinachita mwayi, chifukwa ma external ena bowo la USB limakhala lowotcherera pa disiki penipeni. Anachotsa kabolodiko n'kulumikiza disikiyo ndi adaputala yawo, kenako anaiika pa khutu. Inkazungulira bwino, popanda kugogoda. Anandiuza kuti ikanakhala ikulira khwa khwa khwa mobwerezabwereza, kapena kulephera kuzungulira, akanaizimitsa pomwepo, chifukwa pamenepo chowonongeka ndi kamutu kowerenga kapena injini yake, ndipo palibe pulogalamu yochiza zimenezo.

Mnyamata wina amene ankadikira foni yake analowererapo kuti tiiike mufiriji usiku wonse, ati zimatheka. Alamu anangoseka. Mkati mwa disiki yotere muli mbale zozungulira maulendo 5400 pa mphindi, ndipo kamutu kamayandama pamwamba pake pa mpata wochepa kuposa kachidutswa ka fumbi. Muitulutse mufiriji muno m'mphepete mwa nyanja, chinyezi chidzaundana pa iyo ngati pa botolo la Fanta wozizira. Kumasula chivundikiro chachitsulo nakonso n'kuipha, poti fumbi la pa Kamuzu Road silipempha chilolezo.

Kuti tidziwe matenda ake tinatsegula CrystalDiskInfo, pulogalamu yaulere yowerenga kaundula amene disiki imalemba yokha za thanzi lake, wotchedwa S.M.A.R.T. Ikakhala bwino imalemba Good, ikafika poipa Bad. Yanga inalemba Caution, mwachikasu. Alamu analoza mizere itatu. Wa 05 umawerenga tizigawo towonongeka timene disiki yatisiya n'kusamukira pa tapadera. Wa C5 ndi tizigawo timene yalephera kuwerenga ndipo tikudikira chigamulo. Wa C6 ndi timene talephereratu. Tinayang'ana C5, tinamwa tiyi, titayang'ananso nambala inali itakwera. Imeneyo ndiyo inandiopsa kuposa mtundu wachikasuwo. Bala linali likukula ife tikuona.

Ine ndinkafuna tiyendetse chkdsk, poti ndinaonapo anthu akutero. Alamu anakana kwamtuwagalu. Pulogalamu imeneyo imalemba pa disiki pofuna kukonza kaundula wa mafayilo, ndipo ikakumana ndi malo osawerengeka imatha kudula zimene ikanayenera kusiya. Komanso imaithamangitsa disiki yodwala kwa maola ambiri. Lamulo lawo linali limodzi: pa disiki yodwala sitilembapo kanthu, timangowerenga, ndipo timawerenga kamodzi.

Tinafunika disiki ina yoposa yodwalayo kukula. Ya 2TB ndinaitanitsa ku Lilongwe, inabwera pa minibasi mawa lake, ndipo ndalama ya ukwati uja inathera pomwepo. Alamu anali ndi fulashi yokhala ndi SystemRescue, mtundu wa Linux woyatsira kompyuta osadutsa mu Windows. Ubwino wake ndi woti sulimbana ndi disiki paokha, ndiponso muli kale pulogalamu yotchedwa ddrescue, yokopera disiki yonse mmene ilili.

Apa mpofunika kudekha. Tinalemba lsblk kuti tione maina a madisiki onse, n'kuzindikira yodwalayo ndi kukula kwake. Kwa ife inali sdb. Tinatsegula yatsopanoyo pa /mnt, kenako alamu analemba:

ddrescue -n /dev/sdb /mnt/disiki.img /mnt/mapu.txt

Asanadine Enter anawerenga katatu mokweza ngati akuwerenga chikalata cha malo. Choyamba ndi kumene zikuchokera, chachiwiri kumene zikupita. Mukasokoneza maina a madisiki mutha kudzipweteka nokha.

Chimene ndinaikondera ddrescue ndi khalidwe lake. Windows ikafika pa malo ovuta imakakamira pomwepo mpaka zonse ziime. Iyi imalumpha, n'kuyamba yakolola kaye kumene kuli kosavuta, zovuta n'kudzazibwerera pambuyo. Ka -n kaja kamaiuza kuti ulendo woyamba isakande malo owonongekawo. Ndipo fayilo ya mapu ija imasunga pamene yafika. Usiku woyamba magetsi anazima, batire ya laputopu inapirira maola awiri n'kutha. M'mawa tinalemba lamulo lomwelo, inapitiriza pamene inalekera. Popanda mapu tikanayambiranso pachiyambi, ndipo sindikhulupirira kuti disikiyo ikanapirira ulendo wina wathunthu. Kuyambira pamenepo tinasamukira pa sola ya alamu, kafani kakuipepesa disikiyo, chifukwa masana inkatentha mpaka kuvuta kugwira.

Ulendo woyamba unatenga tsiku ndi theka, ndipo unatulutsa zoposa 99 peresenti. Wachiwiri tinachotsa -n n'kuika -d -r3, kuti ibwerere pa malo ovuta ndi kuyesapo katatu. Umenewu ndiwo wosautsa. Nambala zimangokhala phee kwa ola lathunthu, kenako n'kusuntha pang'ono. Amayi a mkwatibwi anaimba kawiri tsiku limenelo.

"Bambo a zithunzi, achibale a ku Joni akufunsatu."

"Pepani amayi, makina andivuta pang'ono. Lachisanu ndibwera nazo ndekha."

Nditaona kuti usiku wonse wapindula tizigawo towerengeka, tinaimitsa. Disiki yodwalayo inalowa m'kabati, ndipo ntchito yotsala yonse tinaichitira pa disiki.img, fayilo imene ddrescue inakoperamo disiki yonse.

Tinatsegula fayiloyo ndi TestDisk, pulogalamu yaulere ya Christophe Grenier wa ku France. Titasankha Analyse kenako Quick Search, inapeza gawo la NTFS, kayalidwe ka mafayilo ka Windows. Tinadina P, ndipo mafoda anga anandandalika ndi maina awo enieni, zaka ndi zaka. Ndinakhala pansi pa simenti. Kwenikweni chimene chinawonongeka chinali pa khomo, pamene Windows imawerenga kuti idziwe mmene disiki yayalidwira, ndiye itapeza khomo logumuka inkayesa kuti nyumba yonse ndi bwinja. Tinasankha zonse ndi a, n'kukopera ndi C wamkulu.

Foda imodzi yokha, ya chinkhoswe cha banja lomwelo, inatseguka yopanda kanthu. Pamenepo tinagwiritsa ntchito PhotoRec, imene imabwera limodzi ndi TestDisk. Iyo siyang'ana kaundula, imanunkhiza disiki yonse kufuna poyambira pa JPG kapena MP4 paliponse. Imapeza zambiri, koma maina ndi mafoda sibweza. Inanditayira zithunzi zikwizikwi m'mafoda otchedwa recup_dir, chilichonse chili ndi f kutsogolo ndi manambala, zosakanikirana ndi zimene ndinafufuta kalekale. Chinandipulumutsa ndi tsiku limene kamera imalemba mkati mwa chithunzi chilichonse. Ndinazisanja potsata tsiku lojambulira, chinkhoswe chonse n'kusonkhana pamodzi. Ndikanakhala ndisanakonze wotchi ya kamera ndikanakhala pamenepo sabata yathunthu.

Zimene ddrescue inalephera kuwerenga zimatsala ngati mabowo mkati mwa mafayilo, choncho ndinaonera kanema aliyense kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zithunzi zinayi zinatuluka theka lake lili lotuwa. Kanema wa perekaniperekani anaima pamene akuchimuna ankalowa akuvina, n'kudzayambiranso ndalama zili kale mbwee m'lichero. Ndinadula pamenepo n'kulumikiza bwinobwino.

Lachisanu ndinapita ku Senga Bay ndi mafulashi awiri, zina zonse zitatsala pa madisiki awiri osiyana, ina kunyumba, ina ikugona kwa alamu. Tinaonera pa TV ya pabalaza, nyumba itadzaza. Atafika pa perekaniperekani, azakhali a mkwati anaweramira kutsogolo.

"Bambo, bwezani pang'ono. Ine pajatu ndinavina ndi ya K5,000 m'manja. Ili kuti?"

Ndinawauza zoona, kuti kachigawo kameneko kanatsalira m'disiki yakufa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati pa ukwati wa mng'ono wake wa mkwati mu Disembala ndidzayambe kujambula iwowo, kwaulere.