Kapampu ka buluu ndi kapampu ka bulawuni

Usiku umene tinathamangira kuchipatala kunali chisanu cha mu Julaye, chija cholowa mpaka m'mafupa. Magetsi anali atapita kuyambira m'mawa, ndiye tinalowetsa mbaula m'nyumba monga timachitira ambiri kuno ku Mtendere. Cha m'ma 1 koloko ndinadzidzimuka ndi kaphokoso ngati ka mwana wa mphaka. Ndinayatsa tochi ya pafoni n'kumukwezera malaya mwana wanga. Akamakoka mpweya, pakati pa nthiti pankalowa m'kati, ndipo m'munsi mwa khosi munkachita kadzenje. Mphuno zili tukutuku. Sankalira, ndipo chimenecho n'chimene chinandizizira thupi, chifukwa mnyamata wangayu kulira sakupatsa mpata.

Atate ake anakagogoda kwa aneba amene ali ndi takisi. Kuchipatala anamuveka masiki ya makina otulutsa nthunzi ya mankhwala, ndipo patapita kanthawi anayamba kulira mokweza. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kulirako.

Ali ndi zaka 2 ndi miyezi 7. Kwa miyezi yambiri ankatsokomola usiku, makamaka mbandakucha, ndipo chimfine chilichonse chinkatsikira pachifuwa. Mabotolo a mankhwala a chifuwa amene tinagula sindingawawerenge. Anamupimanso TB, sanapeze kanthu. Adokotala amene anationa m'mawa mwake anafunsa zambiri: kodi amatsokomola akathamanga kapena akaseka kwambiri, kodi khungu limamuyabwa m'makwinya a miyendo, kodi kubanja kuli wina wa befu. Zonse ndinavomera. Anati ndi mphumu, imene ambiri kuno timangoti asima. Anafotokoza kuti mwana wosafika zaka 5 sangathe kuuzira m'makina opimira mapapo, choncho amamva mbiri ya matenda, n'kupereka mankhwala kwa miyezi itatu kuti aone ngati asintha.

Tinabwerako ndi timapampu tiwiri. Ka buluu ndi salbutamol, kothandiza pamene mwana wabanika: minofu yozungulira njira za mpweya ikafinya, kamaimasula m'mphindi zochepa. Ka bulawuni ndi beclometasone, ka m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse. Ntchito yake ndi kuchepetsa kutupa kwa m'kati mwa njirazo, ndipo kamagwira pang'onopang'ono, mpaka masabata angapo musanaone kusintha.

Mwana wamng'ono chonchi simungamupopere m'kamwa mwachindunji. Pamafunika chubu cha pulasitiki chokhala ndi masiki, chimene amati spacer. Asisita anandiuza kuti chikasowa, botolo la pulasitiki la 500 ml limatha kugwira ntchito yomweyo, ndipo madokotala a ku Cape Town analiyesa n'kuona kuti limathandiza. Ife tinagula chenicheni ku famase m'tauni.

Sabata yoyamba inali nkhondo. Ankakankha masiki ndi manja onse, ine ndikumugwira miyendo, iye akukuwa. Pambuyo pake ndinamva kuti mwana akamalira mankhwala ochepa okha ndi amene amafika m'mapapo, ndiye nkhondo yonseyo inali yopanda phindu. Ndinasintha. Ndinayamba kumupatsa spacer kuti aziseweretsa masana, aziveka chidole chake, azindiveka ineyo. Lero ndimamukhazika pamiyendo msana wake uli pachifuwa changa, ndimakhutchumula kapampu, ndimakanikiza masiki kuti itseke mphuno ndi pakamwa popanda mpata, ndimapopa kamodzi, n'kuwerenga naye mpaka apume kasanu ndi kamodzi. Kenako ndimakhutchumulanso n'kupopa kachiwiri. Kupopa kawiri nthawi imodzi n'kutaya mankhwala. Tikatha ka bulawuni ndimamupukuta kumaso ndi kansalu konyowa n'kumutsuka mano, kuti m'kamwa musamere zoyerayera zimene mankhwalawa amatha kuyambitsa.

Chakumapeto kwa Ogasiti apongozi anabwera kuchokera ku Katete. Anapeza mdzukulu wawo akuthamanga pabwalo, wonenepa, osatsokomola n'kamodzi komwe. Madzulo ataona ndikutenga kapampu anati, "Amake mwana, nanga mwana wabwinobwino chonchi mukumupoperanji? Zimenezi akazolowera ndiye basi, sadzapumanso payekha." Sananene mwachipongwe. Analera ana asanu ndi awiri, ndipo mwanayu amamukonda kwambiri. Azimayi ena kutchalitchi anali atandiuzanso zomwezo, kuti pampu imafooketsa mtima. Ine ndinkaona kuti akapuma ka buluu manja amanjenjemera pang'ono ndipo mtima umathamanga kwa kanthawi, ndiye mawuwo anandilowa.

Ndinasiya ka bulawuni. Palibe anandikakamiza, ndinasiya ndekha, atate ake osawauza. Masabata awiri anatha bwinobwino, ndipo ndinayamba kudziuza kuti mwina wachira. Kenako inabwera mphepo ya Seputembala ndi fumbi lake, anatenga chimfine kwa ana anzake, ndipo usiku wachitatu ndinayatsanso tochi ija n'kuona nthiti zikulowa. Ndinamupopera ka buluu monga adokotala analembera papepala lathu, koma sizinasinthe mokwanira, ndiye tinabwereranso kuchipatala. Apongozi anakwera nafe takisi atamufungatira iwowo, njira yonse osayankhula.

Asisita atafunsa ngati akumwa mankhwala ake tsiku lililonse, ndinaulula. Sanandikalipire. Anatembenukira kwa apongozi n'kunena kuti, "Ambuya, kodi kumudzi nyumba mumafolera mvula itayamba kale?" Anawafotokozera kuti kutupa kwa m'mapapo kumakhalapobe ngakhale mwana akusewera, kuti mankhwalawa sazolowereka ngati fodya, ndiponso kuti kunjenjemera kwa ka buluu kumatha kokha. Anati mwana akakhala bwino kwa miyezi itatu adokotala angathe kuchepetsa mlingo, koma ochepetsa akhale iwowo. Apongozi anapempha kuti awaonetse kagwiridwe ka masiki. Mpaka tsiku lobwerera ku Katete, dzuwa likangolowa ankandiitana, "Amake mwana, ka bulawuni kaja."

M'nyumba tasintha zambiri. Mbaula imakhala panja ngakhale kuzizire bwanji, malasha sayakiranso m'chipinda. Koyilo ya udzudzu ndi mankhwala opopera tinasiya, tonse timagona m'neti. Ndisanasese ndimawaza madzi, ndipo polishi ndimapaka iye ali kwa aneba. Alamu anga akabwera amakasutira fodya kumsewu. Mbale sizigona zosatsuka chifukwa cha mphemvu, zimene nazonso zimautsa mphumu. Kufukiza ndi masamba a bulugamu ndinakana, fungo lamphamvu limamutsokomoletsa.

Chimene chimandipweteka ndi utsi wa zinyalala. Madzulo alionse wina amakoleza mulu wa mapulasitiki ndi matewera kuseri kwa mpanda, utsiwo n'kulowera pawindo lathu. Ndinapita khomo ndi khomo kukapempha. Ena anamva n'kuyamba kunditumizira mwana kudzandichenjeza asanayatse, kuti nditseke mawindo. Ena anandiuza kuti nanga zinyalala azitaye kuti, ndipo ndinasowa chowayankha.

Kuseri kwa chitseko ndamata pepala la adokotala, pansi pake ndalemba ndi dzanja langa kuti aliyense wosala naye awerenge: akalephera kumwa kapena kuyankhula, milomo ikada, akafooka, nthiti zikamalowa, kapena ka buluu kakapanda kuthandiza, musadikire ine, pitani naye kuchipatala. Ka buluu ndi spacer zimakhala m'kachikwama limodzi ndi kadi ya kusikelo, ndipo kumene mwana wapita kachikwamako kamapita.

Ndikadzuka usiku ndimaikabe dzanja pamimba pake n'kuwerenga mapumidwe kwa mphindi imodzi. Asisita anati pa msinkhu wake akafika 40 ndiye kuti akupuma mothamanga. Dzulo anali 26. Lachinayi tikupita kukaonana ndi adokotala, ndipo ndalemba kale mafunso anga okhudza nyengo ya mvula ndi nkhungu yakuda imene imamera pakhoma la kuchipinda kwathu.