23 Disembala: nkhuku zamoyo kuseri kwa nyumba, mpunga uphikidwa kawiri

Ndadzuka kusanache. Ku Mbare Musika, msika waukulu wa kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe, ukafika dzuwa litakwera umapeza alimi atagulitsa kale katundu kwa opikula, ndiye tomato yemweyo umakamugula kwa munthu wachitatu mtengo utanenepa. Kombi, minibasi ya kuno, yochokera kudera lathu la Mufakose inadzaza ndi azimayi okhaokha, aliyense atapinda zikwama m'khwapa, kapepala kali m'manja.

Chaka chino Khirisimasi idyedwera kwathu, ndipo tikawerenga ndi ana omwe tikhala anthu 22. Azakhali afika dzana kuchokera ku Dedza pa basi yodzera ku Tete ndi ku Nyamapanda. Atitengera mpunga wa Kilombero, usipa ndi kathumba ka mtedza. Mpungawo sunaphikidwe n'komwe koma nyumba yonse ikununkhira kale.

Pamsika ndagula zopirira zokhazokha: anyezi, mbatatesi, maungu, karoti, kabichi wathunthu wosadula, ndi tomato wongoyamba kufiira kumene kuti akapse ali kunyumba. Nkhwani ndi masamba ena ndazisiya, ndidzagula pamsika wa pafupi tsiku la Khirisimasi lomwelo, chifukwa kutentha kwa mwezi uno kumafoola masamba usiku umodzi wokha. Pomaliza ndagula nkhuku zinayi zamoyo, n'kuzimanga miyendo ndi nsanza. Kondakitala wandilipiritsa ngati zikhala pampando.

Nkhukuzi ndi zimene zayambitsa mkangano woyamba wa lero. Alamu anga anali ataona katoni ya nthuli za nkhuku zoumitsa, ya makilo 10, yotsika mtengo m'tauni. "Alamu, mukuvutikiranji ndi nthenga? Ija n'kungotsegula n'kuponya m'mafuta." Pamtengo akunena zoona. Koma ine ndaphika pa maukwati ndi pa maliro mokwanira moti katoni yoteroyo ndimaidziwa mapeto ake. Madzi akachepa ku damu la Kariba, komwe amapangira magetsi, magetsiwo kuno amatha kuchoka m'bandakucha n'kubwera anthu atagona. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola ngati 4 okha magetsi akathima. Firiza yodzaza bwino imapirira masiku awiri, ikakhala theka tsiku limodzi, ndipo apo n'kuti palibe woitsegula. Nanga nyumba yokhala ndi ana 9 ofuna madzi ozizira mphindi iliyonse, ndani angalondere chitseko? Nyama imasungunuka masana, usiku n'kuumanso, mawa chimodzimodzi. Pofika pa 25 imaoneka bwinobwino, fungo lilibe, koma m'kati zinthu zasintha kale. Nkhuku yamoyo siwola. Ingofuna madeya, madzi ndi mthunzi. Tidzazizinga m'mawa wa Khirisimasi, kunja, kutali ndi khitchini, ndipo mpeni ndi thabwa zodulira nkhukuzo sizidzayandikira kabichi.

Nyama ya ng'ombe yokha ndi imene ndalola kuti igulidwe mawa. Ndidzaiphika tsiku lomwelo, n'kuigawa m'makontena ang'onoang'ono osazama kuti izizire msanga. Firiji ndayamba kuikonza lero: ndatulutsa mabotolo a sosi otsala madontho, ndapukuta mashelefu, ndipo mabotolo apulasitiki ndawadzaza madzi n'kuwaika m'firiza. Akaundana usiku, ena ndidzawatsitsira m'firiji m'mawa kuti azigwira ntchito ya magetsi. Chaiwisi chilichonse chikhala pa shelefu ya pansi, chovundikira, kuti magazi asadonthere pa zakupsa. Madzi akumwa a ana ndawaikira mumtsuko pakhonde. Amene ndim'peze atagwira chitseko cha firiji aona.

Masana takhala pamphasa ndi azakhali kusankha mtedza wa nsinjiro. Iwo sachita changu pa ntchito imeneyi. Amatapa kadzanja, amamwaza palichero, kenako chala chimodzi chimayenda pang'onopang'ono kukankhira pambali wofota, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo, ndi wina uja ukauswa umapeza m'kati muli kaufa kobiriwira. Ine ndinati wowonongekawo tipatse nkhuku, iwo anakana: "Mwanawe, nkhuku zomwezo udya mkuja." Mtedza wachuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha ndi kukazinga kapena kuphika. Nyengo yamvula ino ndi imene chuku chimakonda, n'chifukwa chake thumba la ufa ndalichotsa pa simenti n'kulisanjika pa thabwa, ndipo usipa ndauyanikanso padzuwa ndisanautsekere m'chidebe.

Mkangano waukulu wabwera madzulo, pa nkhani ya mpunga. Apongozi anga amafuna kuti mpunga wonse uphikidwe kamodzi mmamawa, m'poto wamkulu uja timabwereka kwa amayi a kumpingo, kuti tikabwera kumapemphero tingopakula, wotsala tidyenso usiku. Nditati ayi, anandiyang'ana nthawi yaitali. "Apongozi, ife takula ndi mkute. Nsima yogona tinkadya tikupita kumunda, ndipo onani zaka zanga."

Munthu wamkulu sum'yankha mothamanga, ndiye ndinayamba ndawathirira tiyi. Kenako ndinawauza kuti mkute wawo unali mitanda iwiri m'mbale, yozizira msanga, pamene poto wa makilo 5 amakhala wofunda pakati tsiku lonse. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana kwambiri chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo poto wovundikira pakhonde mu Disembala amakhala pomwepo kuyambira masana mpaka usiku. Mpunga uli ndi vuto lake lapadera. Mumakhala mbewu za kachilombo kotchedwa Bacillus cereus zomwe sizifa powiritsa. Mpunga ukakhalitsa uli wofunda zimadzuka n'kutulutsa poizoni, ndipo poizoniyo ngakhale utenthetsenso mpungawo mpaka kupsereza, sachoka. Pasanathe maola 6 anthu amayamba kusanza, ndipo mlandu umagwera nyama kapena wophika, mpunga osaukayikira n'komwe. A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amalangiza kuti chakudya chakupsa chisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola 2.

"Ndiye makala mugula inu," anatero apongozi. Ndavomera. Mpunga uphikidwa kawiri, wa nkhomaliro tikangotuluka m'tchalitchi, wa mgonero cha m'ma 6. Mpunga sutenga nthawi, ndipo Kilombero wotentha ndi wogona sizifanana kukoma. Kabichi wa saladi adzadulidwa anthu atakhala kale pansi, mayonezi n'kuthira pomaliza penipeni. Mbale zopita kwa aneba zidzanyamuka chakudya chikangopsa. Chizolowezi chotumiza zotsala madzulo, zitakhalitsa pa tebulo ntchentche zitachezapo, sindikuona ulemu wake.

Pa za kusamba m'manja sipanakhale wotsutsa. Dera la Budiriro ndi pafupi pomwepa, ndipo aliyense m'nyumba muno akukumbukira kolera ya mu 2008 mpaka 2009, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, komanso ya mu 2018 imene inabuka ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Beseni limodzi loyamba kwa agogo n'kuthera kwa mwana wamng'ono madzi atada bii, limenelo tinalisiya. Atsikana awiri adzayenda ndi jagi, sopo ndi beseni lolandirira madzi akuda, kuthirira mlendo aliyense. Madzi a pamjigo, akumwa ndi otsukira zodya zosaphika, ndawathira kale mankhwala a klorini m'zigubu ziwiri zokhala ndi zotsekera.

Abambo a kunyumba kuno ndawapatsa ntchito zawo zitatu: kudzazitsa gasi, kugula thumba la makala, ndi kukatenga ayisi wa buloko m'mawa wa pa 25 kuti zakumwa zikhale m'bafa la malata, zisapikisane malo ndi nyama. Ati zonsezo n'zochepa. Tiona mawa.

Chinthu chimodzi chimene apongozi sanalole kuti ndiikepo mlomo ndi thobwa. Chimera cha mawere anachiyanika okha sabata yatha, apera okha, ndipo phala aphika mawa madzulo kuti ligone usiku umodzi. Ndawapempha kuti chidebe chikhale chovundikira ndipo chikho chotungira chikhale chimodzi, chosalowa pakamwa pa munthu. Avomera. Koma za kuchuluka kwake akana kumva, akuti aphika ndowa ziwiri. Ndi kutentha kumeneku ndowa yachiwiriyo pofika pa 27 idzakhala itasasa mpaka kuyamba kulankhulitsa anthu, ndipo amalume, amene ndi mkulu wa mpingo, anena kale kuti tiwasungire botolo la malita 5.