Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Nthochi za pa Nyimba

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe amai aang'ono anabwera kwathu ku Navutika, komboni ya mu Chipata, kudzandipempha kwa amai kuti ndiwaperekeze ku Lusaka kukaoda salaula, zovala zakale zogulitsa zija. Munali mu 2012, nditangolemba mayeso a giredi 12, ndipo chibadwire kutali komwe ndinali nditafikako kunali ku Katete basi, nthawi ya Kulamba. Usiku umenewo sindinagone olo pang'ono.

Pa sitesheni tinafika kukadali mdima pa njinga ziwiri zahayala, ine chola pamiyendo. Paja kuno ku Chipata njinga ndiye munda wa anyamata ambiri, kakhushoni pa keliyala basi ntchito yayamba, ndipo si zachilendo chifukwa fakitale ya njinga za Eagle ija inali mtauni mom'muno. Tisanatsike nkomwe ma ngwangwazi atatu, anyamata oitanira anthu m'mabasi aja, anali atagwira kale chola changa, uyu akokera uku uyu akokera uko, "amai iyi ndiye inyamuka manje manje, mipando yatsala iwiri chabe!" Ine mtima phaa, ndinati basi atibera. Amai aang'ono sanakalipe, anangoti "mwana wanga siya chola, ndidziwa komwe ndipita," mnyamata uja nkusiya. Tili m'basi anandiuza kuti anthu aja amadyera pa mutu wa munthu aliyense yemwe amulowetsa, akapanda kukoka ndiye kuti kunyumba sikuyaka moto. Ndinamva koma sindinavomereze, mumtima mwanga anali akuba basi.

Anandipatsa mpando wa pawindo. Ndipo apa ndinene chinthu chomwe ndinadzachizindikira mochedwa: munthu ukakhala pamwamba m'basi yaikulu ija suona nkhope za ogulitsa, umaona beseni, mkono ndi liwombo. Pa Katete mazira owiritsa, chimanga chootcha, talk time. Pa Sinda anyamata atanyamula mbewa zopanidwa pa timitengo, akuthamanga mbali mwa basi. Pa Petauke chimodzimodzi. Ine zinkandisangalatsa ngati sewero, ndinkawerenga mabeseni, ndinkaseka pomwe azimai awiri akankhana kulimbirana windo limodzi.

Kenako Nyimba. Amene munayendapo pa Great East Road mukudziwa kuti Nyimba ndi nthochi, basi ikangoima mawindo onse amasanduka achikasu. Pa windo langa panabwera kamtsikana, kocheperako kwa ine, kovala juzi ya sukulu ndi chitenje, beseni pamutu. Phava ankati K5,000, ndalama zakale zija asanachotse ma ziro atatu pa 1 Januwale 2013, ndiye kuti K5. Ndalamayo ndinali nayo, amai anandipatsa ya panjira. Koma poti ndinamva anthu ena m'basi akunenerera nanenso ndinafuna kuoneka wochangamuka, ndinati "chotsako iwe, zapsa kwambiri izi." Iye anati "asisi mtengo ndi womwewo, ndikuikirani mbasela," nkuthyola nthochi ziwiri pa phava lina. Ine ndinalimbikirabe, tinakokana mwina mphindi yathunthu, mpaka iye anangonyanyamphira nkundikankhira phava lija pawindo kuti wina asamulande kasitomala.

Ndalama ndinali nditaimanga pa nsonga ya chitenje, mfundo ziwiri zolimba poopa akuba a ku Lusaka omwe aliyense ankandiopseza nawo. Ndikulimbana ndi mfundo ija injini inalira, basi nkuyamba kuyenda. Mtsikana uja anayamba kuthamanga, dzanja limodzi pa beseni lina atatambasula, akukuwa "asisi! asisi ndalama yanga!" nthochi zikugwa kumbuyo kwake. Ndinakuwira kondakitala kuti aime, anangoti nthawi yatha. Pomwe mfundo imamasuka tinali titapitirira kale, ndinaponya ndalama ija pawindo, mphepo nkuitenga kupita nayo kutsidya kwa msewu komwe kunali anyamata ena, ndipo iye ndinamuona ataima, watula beseni pansi.

Amai aang'ono anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "ukanapanda kulimbana naye mtengo, ndalama ikanafika m'manja mwake." Sanawonjezere china mpaka pa Luangwa. Nthochi zija sindinadye olo imodzi, zinangokhala pamiyendo panga zikununkhira m'kutentha kwa ku chigwa kuja, pomwe anthu ankatsika kukagula nsomba zouma ndi madengu ine ndinatsala pampando.

Za Lusaka ndidzafotokoza bwino tsiku lina. Mwachidule, pa sitesheni ya mabasi ya Intercity tinalandilidwa ndi anyamata a mawilibala omwe amawatcha zamcab, ndipo inali nthawi ya Pulezidenti Sata pomwe ogulitsa analoledwa kukhala m'misewu, ndiye kuchoka mtauni kupita ku msika wa Soweto unkayenda chozemba nsapato, tomato, ma charger ndi milu ya salaula zoyalidwa pansi. Pobwerera tinadutsa pa Nyimba kutada, ndinasuzumira windo lonse koma nkhope yake sindikanaidziwa nkomwe, paja ndinangoona juzi ndi beseni.

Mu 2014 atate anamwalira, za koleji zinathera pomwepo. Azing'ono anga atatu anali pa sukulu. Amai anabwereka kandalama ku chilimba chawo, gulu losonkherana ndalama lija, tinagula ufa wa tirigu, saladi wophikira, shuga ndi thileyi imodzi ya mazira, ine nkuyamba kugulitsa vitumbuwa ndi mazira owiritsa pa sitesheni pomwe paja ndinaopa ma ngwangwazi. Tsopano wa pansi pa windo ndinali ine.

Abale, malonda a pawindo musamawaone choncho. Ndinkadzuka 02 koloko kukoleza mbaula kuti pofika 04 vitumbuwa vikhale votentha, chifukwa wa ulendo wa m'mawa safuna chozizira. Thileyi imakhala ndi mazira 30, koma ambiri mwa iwo amangobweza mpamba, makala ndi mchere, phindu lako lili m'mazira omalizira aja, ndiye limodzi likasweka kapena wina akakuumiriza kuchotsa mtengo ndiye kuti wadya ndiwo za ana madzulo. Pamwamba pa apo pali chilimba cha tsiku ndi tsiku chomwe sichimva zoti lero kunagwa mvula. Ndipo chomwe chimandiwawa mpaka lero nchakuti munthu yemweyo wolimbana nawe pa 50 ngwee akalowa mu Shoprite amalipira zomwe zalembedwa osatsegula pakamwa. Ena amakutulutsira K100 m'bandakucha pogula chitumbuwa chimodzi, usanagulitse kalikonse, ukamathamanga kusaka chenji akukunena kuti ufuna kuthawa nayo.

Azimai akuluakulu omwe ndinawapeza pamenepo anandiphunzitsa kuti "mwanawe, ndalama patsogolo katundu pambuyo." Zoona, koma ukamadikira ndalama mnzako wapafupi wakweza kale beseni lake, kasitomala wapita. Ndiye umapereka basi, nkumadalira mtima wa munthu yemwe sumudziwa ndipo sudzamuonanso. Apa mpomwe ndinamvetsa chifukwa chomwe mtsikana wa pa Nyimba anandikankhira phava lija ndisanalipire. Sikunali kupusa ayi, analibe njira ina.

Tsiku langa linafika mwezi wachitatu. Abambo ena a jekete, pa basi ya ku Lundazi, anatenga mazira anayi ndi vitumbuwa visanu, nkuyamba kusenda dzira pomwepo uku akulankhula pa foni, dzanja lina likufufuza m'thumba mosafulumira. Basi inayamba kusuntha. Ndinathamanga, "atate! atate ndalama!" iwo nkutembenuzira nkhope mkati. Patapata imodzi inaduka, ndinamva misozi ikubwera, ndipo zoona zake m'mutu mwanga munabwera juzi ya sukulu ija.

Amene anaimitsa basi anali ngwangwazi wina wamtali wa chipsera pa tsaya, yemwe chiyambire ndinkamupewa osamupatsa nkomwe moni. Anathamanga kundipitirira nkumenya m'mbali mwa basi ndi chikhatho katatu mwamphamvu, akukuwira dalaivala ndi dzina, basi nkuima pa geti. Anakwera yekha. Zomwe anakamba mkatimo sindinamve, ndinangomva anthu akuwowoza, kenako anatsika nkundiika ndalama m'manja, yokwana ndendende. Ndinati "zikomo achimwene," mawu akunjenjemera, nkumutambasulira beseni kuti atenge chomwe afuna. Anatenga dzira limodzi, nkupempha kamchere.

Akusenda anandifunsa kuti ndimatsala ndi zingati patsiku. Nditamuuza anapukusa mutu, anati mlongo wake amapita ku Mwami pa boda kukatenga katundu wochokera ku Mchinji ndipo akufuna munthu womuthandiza kunyamula Lachisanu. Ndinati ndikafunsa kaye amai kunyumba. Za ulendo wa ku Mwami umenewo ndi osintha ndalama a pa boda, tikumane mu gawo 7.