Ana 22, matikiti awiri ndi msewu wa N1

Lachiwiri usiku, pa 31 May 2022, foni inalira nditazimitsa kale nyali. Anali Madamu, mphunzitsi amene anatsogolera ana a sukulu ina ya sekondale ya kuno ku Blantyre ku mpikisano wa zasayansi ku Cape Town. Matikiti awo a ndege ndinawagulitsa ndine, ku ofesi yathu yokonza maulendo. Moni sanapereke.

"Asisi, mwamva? Mayi wa pamalo ogona pano akuti ndege yathu yafa."

Ndinawauza kuti agone, ndege siifa chonchi, mwina ulendo wangosinthidwa nthawi. Koma nditatsegula intaneti tulo tinandithawa. Kampani ina yaikulu ya ndege za m'kati mwa South Africa, imene sinditchula dzina, inali italengeza kuti kuyambira mawa lake ndege zake zonse zaima chifukwa ndalama zoyendetsera zatha. Mliri wa Covid unali utaivulaza kale, ndipo kuyambira 2020 inali m'manja mwa anthu oyesa kuipulumutsa. Tonse ogulitsa matikiti tinkadziwa kuti ikudwala. Tinkagulabe chifukwa inali yotchipa, ndiponso mipando pafupifupi 40 pa 100 iliyonse ya maulendo a m'dzikomo inali yake. Chinthu chachikulu chotero sumaganiza kuti chingagwe usiku umodzi.

Ana 22 ndi aphunzitsi atatu amayenera kukwera ndege imeneyo Lachinayi mbandakucha kupita ku bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg, kenako masana kukwera ina yobwera ku Chileka.

Ndiyambe ndi kuulula, chifukwa sabata yonseyo ndinkayenda ndi mwala pamtima. Ahedi atabwera ku ofesi mu March ndinawaonetsa mitengo iwiri. Woyamba unali wa tikiti imodzi kuchokera ku Chileka mpaka ku Cape Town ndi kubwerako. Wachiwiri unali wa matikiti awiri osiyana: ya Blantyre ndi Johannesburg ku kampani ina, ya Johannesburg ndi Cape Town ku kampani yotchipayo. Kusiyana kwake kunali kokwanira kuti ana awiri amene makolo awo anali atalephera kusonkha apite nawo. Ahedi anandifunsa kuti, "Inuyo mukanasankha iti?" Ndinaloza yachiwiri. Zimene sindinawafotokozere bwino ndi izi: ukagula tikiti imodzi, kampani imene yakugulitsayo ili ndi udindo wokufikitsa kumene ukupita, ndipo pakavuta pakati imakufunira njira ina kwa anzake amene inapangana nawo. Ukagula awiri, aliyense amadziwa mbali yake basi. A ndege ya ku Chileka sankadziwa n'komwe kuti anawa akuchokera ku Cape Town. Kwa iwo anali anthu 25 oyenera kupezeka pa kauntala Lachinayi masana, kaya achokera kumwamba kaya pansi.

Lachitatu ndinafika ku ofesi kusanache bwino. Magetsi kunalibe, paja chaka chimenecho Kapichira anali ataonongeka ndi namondwe Ana, choncho mlonda ndi ine tinayamba ndi kulimbana ndi jenereta. Kompyuta itayaka ndinalowa mu Amadeus, pulogalamu imene timasungitsira mipando ya m'ndege, kufunafuna mipando ya Cape Town kupita ku Johannesburg pa makampani otsala. Amene sanagwirepo ntchitoyi amaganiza kuti mtengo wa ndege ndi umodzi. Ayi. Mipando ya m'ndege imodzi imagawidwa m'magulu a zilembo, gulu lililonse mtengo wake, ndipo yotchipa ikatha kompyuta imangokwera pa gulu lotsatira. M'mawa umenewo South Africa yense anali pa makina omwewo. Ndikaona mipando inayi, ndikamalemba dzina lachiwiri yatha. Ndikaona iwiri, mtengo wake wa mpando umodzi ukuposa umene tinalipira popita ndi pobwera. Mipando 25 pamodzi inali maloto.

Ndipo ngakhale ikanapezeka, tikanalipira ndi chiyani? Masiku asanu okha m'mbuyomo, pa 27 May, ndalama ya kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo m'mabanki ndalama zakunja zinali zosowa ngati mvula ya mu September. Khadi la ofesi linali litafika pamalire ake a mweziwo. Abwana anaimbira kubanki, anauzidwa kuti alembe kalata, aphatikize ma invoice, adikire.

Chimene ndinachita bwino tsikulo n'chimodzi: ndinasiya kuthamangitsa mipando ya Cape Town n'kuyamba kupulumutsa matikiti a ku Chileka. Munthu akapanda kufika ndege n'kunyamuka iye asananene, timati no-show, ndipo pa matikiti a gulu nthawi zambiri ndalama imapita yonse. Ukanena isananyamuke, umangolipira chindapusa chosinthira tsiku. Ndinakhala pafoni ndi mayi wa ku desiki ya magulu pafupifupi ola lathunthu. Anali wodekha, ndipo nditanena kuti ndi ana a sukulu anapuma kaye, n'kundiuza kuti ndidikire. Anabwera ndi yankho lakuti Lamlungu pali malo 19, Lolemba 6. Ndinavomera ndisanafunse aliyense. Ndikanati ndiyambe ndaimbira ahedi, malowo akanapita.

Gulupu ya WhatsApp ya makolo inali itapsa kale. Wina anaika chithunzi cha anthu atagona pansi pa bwalo la ndege, chimene sichinali cha ku Cape Town n'komwe. Wina analemba kuti ejenti wadya ndalama. Cha m'ma 11 koloko bambo wina anafika yekha ku ofesi, atavala ovolosi ya kuntchito, chipewa chili m'manja. Sanakalipe. Anangoti, "Mayi, mwana wanga sanapiteko ngakhale ku Lilongwe. Ndiuzeni zoona, ali pabwino?" Ndinaimba foni ya Madamu pavidiyo n'kumupatsa. Mtsikanayo anaonekera akutafuna buledi, akuseka, akuuza bambo ake kuti waona nyanja yamchere ndipo ndi yozizira kuposa madzi a mufiriji. Bamboyo anabweza foni, anapukuta m'maso ndi chipewa chija, natuluka. Kuyambira pamenepo ndinapempha Madamu kuti maola atatu alionse azijambula ana onse pamodzi, nkhope zioneke, ndiziika pa gulupu pamodzi ndi mawu ochepa a zimene tachita ndi zimene tikudikira. Phokoso linachepa. Makolo amapirira nkhani yoipa, chimene sapirira ndi kukhala chete kwa foni.

Ena ankafunsa kuti boma la kumeneko silitumiza ndege bwanji. Anamva za ku Britain, ndipo n'zoona: kampani ya ndege ya Monarch itagwa mu 2017 bungwe loona za ndege la dzikolo linachita hayala ndege n'kubweza kwawo anthu pafupifupi 110,000, ndipo kampani ya zamaulendo ya Thomas Cook itagwa mu 2019 linabweza enanso oposa pamenepo. Kuno kum'mwera kwa Africa zimenezo kulibe. Ku South Africa kampani ya ndege ya Nationwide inatseka mu 2008, ya 1time mu 2012, ndipo okwera anadzionera okha. Ine ndinayamba ntchitoyi nthawi imene Air Malawi inkathetsedwa, ndiye ndinayenera kukhala woyamba kukumbukira. Inshulansi ya paulendo imene ana anali nayo ndinaiwerenga mzere ndi mzere: matenda, katundu wotayika, ngozi, zonse zilimo. Kugwa kwa kampani ya ndege kunali pa mndandanda wa zimene salipira.

Lachinayi m'mawa malo ogona anatha. Mwini wake anali ndi alendo ena obwera, ndipo ngakhale akanafuna kuwasunga, aphunzitsi anali atatsala ndi marandi ogulira chakudya cha tsiku limodzi. Apa m'pamene ntchito inachoka m'manja mwanga n'kupita m'manja mwa anthu amene sindinawaonepo. Mchimwene wa mlonda wathu amagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Hout Bay, dera la ku Cape Town komweko. Iye anaimbira mkulu wa mpingo wina wa Amalawi kumeneko, mkuluyo anaimbira amayi a chigwirizano, ndipo pofika masana minibasi ziwiri zinali pakhomo pa malo ogona aja. Atsikana anagawidwa m'nyumba za amayi atatu, anyamata anagona mu holo ya tchalitchi pamodzi ndi mphunzitsi wamwamuna. Ndinalemba dzina la mwana aliyense ndi nambala ya nyumba imene ali, n'kutumiza kwa ahedi ndi ku ofesi ya kazembe wathu ku Johannesburg kuti adziwe.

Madzulo mayi mmodzi anandiimbira yekha. Chichewa chake chinali chosakanikirana ndi Chitonga cha ku Nkhata Bay. "Mwanangu, mwawatumiza bwanji ana kuno mu June opanda majuzi? Kuno kukugwa mvula, mphepo yake yolowa m'mafupa." Ndinapepesa. Anati zopepesa zisiyeni, mwana wa mnzako ndi wako yemwe, wapeza kale majekete m'nyumba za anthu, ndipo nsima ili pamoto. Anawonjeza kuti ufa wa kumeneko ndi wosakoma koma adya.

Njira yotsala inali basi. Kuchoka ku Cape Town kufika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,400 pa msewu wa N1, kudzera ku Beaufort West, Colesberg ndi Bloemfontein, maola 18 zikayenda bwino. Mabasi nawo anali atadzaza ndi anthu a ndege omwewo. Tinapeza malo a Lachisanu madzulo, koma m'mabasi awiri, 14 uku 11 uku. Ndalama zake anapereka bambo wina wa ku Mangochi wa mumpingo womwewo, amene amayendetsa galimoto zonyamula katundu. Nthawi zonse ndalama zimachoka ku Joni kubwera kuno, anthu amakafola pa Mukuru kutumizira abale. Tsiku limenelo zinafunika kuyenda chobwerera, ndipo njira yake panalibe yachangu. Bamboyo anati, "Musavutike. Ndikumanga nyumba kumudzi, yatsala denga. Makolowo akagule malata akapereke kwa mayi anga." Komiti ya makolo inavomera, inasonkha pa Airtel Money ndi Mpamba usiku womwewo, ndipo wapampando anasunga lisiti lililonse.

Lachisanu ndinakhala ndikugawa ana pa pepala ngati ndikukonza mipando ya paukwati. Aphunzitsi atatu, mabasi awiri. Mwana wa mphumu akhale basi ya Madamu pamodzi ndi mankhwala ake. Mapasipoti asakhale m'chikwama chimodzi, aliyense wotsogolera anyamule a ana ake okha, kuti basi imodzi ikachedwa ena asaime nayo. Ndinaonanso masiku: Mmalawi amaloledwa masiku 30 ku South Africa popanda visa, ndipo ukapyola amakuletsa kulowanso kwa nthawi. Ana athu anali atangotha sabata, ndiye pamenepo mtima unakhala pansi.

Usikuwo sindinagone. Nthawi ya kumeneko ndi ya kuno n'chimodzimodzi, choncho wotchi ya pakhoma panga inkandiuza pamene ali. Pakati pausiku Madamu anatumiza chithunzi ali pa malo omwetsera mafuta m'chipululu cha Karoo, ana atafunda mabulangeti a amayi aja, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Basi yachiwiri inangoti zii. Foni ya mphunzitsi wamwamuna inali yozima. Ndinaimba kasanu, kakhumi. Ndinayamba kuganiza zinthu zimene sindingalembe pano. Itakwana 4 koloko kunabwera uthenga kuchokera pa nambala yachilendo: "Asisi tili bwino, chaja ndinaiwala kutchalitchi, iyi ndi foni ya mayi wina wa ku Zimbabwe takhala naye mpando umodzi." Ndinakhala pansi pa simenti m'khitchini mpaka kunja kunayera.

Loweruka masana anatsikira pa Park Station, depoti yaikulu ya mabasi ku Johannesburg. Amene anafikapo amadziwa chipwirikiti chake, ndipo sindinafune kuti ana otopa ayende ndi zikwama pamenepo. Mwini nyumba ya alendo ya ku Kempton Park, pafupi ndi bwalo la ndege, imene timatumizako makasitomala kawirikawiri, anatumiza galimoto zake mpaka m'kati mwa depoti, ndipo analola kuti tilipire banki ikatipatsa ndalama. Ubale wa zaka zambiri unagwira ntchito pamene khadi linalephera.

Lamlungu ndinapita ndekha ku Chileka. Makolo anali atadzaza panja, ena ndi maluwa ngati ana akuchokera ku yunivesite. Bambo wa ovolosi uja anali atavala jekete. Otsala 6 anafika Lolemba, kuphatikizapo mphunzitsi wamwamuna, amene anatsika atanyamula chaja chatsopano m'manja n'kundionetsa patali.

Lolemba lomwelo ndinayamba ntchito imene makolo saiona. Kampani ikathetsedwa, wokhala ndi tikiti amaima kumapeto kwa mzere wa ofuna ndalama zawo, kumbuyo kwa amene ali ndi chikole ndi kumbuyo kwa antchito, ndipo kawirikawiri mphika umafika kwa iye uli wopala kale. Mwayi wathu unali wakuti matikiti otchipawo tinagula ndi khadi pa intaneti, choncho tinatha kudandaula kubanki kuti tinalipira chinthu chimene sitinalandire, zimene amati chargeback. Fomu yake inafuna nambala ya tikiti ya aliyense, mayina 25 monga alili m'mapasipoti, ndi chikalata cha kampani cholengeza kuti yaima. Ndili mkati molemba, ahedi analowa. Ndinawauza mosabisa kuti mu March sindinawachenjeze mokwanira za matikiti awiri aja. Anakhala chete kanthawi, kenako anati chaka chamawa ndidzawaonetsenso mitengo yonse iwiri, koma ndidzalembe pansi pake chimene chingachitike, asayinire okha.

Atatuluka anabwereranso ndi mnyamata wa Fomu 3 atasenza thumba lalikulu la Shangani. M'katimo munali majekete, majuzi ndi mabulangeti, zochapidwa ndi kusitidwa ndi makolo, chilichonse chili ndi kapepala kolembedwa dzina la mwini wake ku Hout Bay. Pamwamba wina anaikapo mapaketi anayi a ufa woyera ndi usipa wokulunga m'nyuzipepala. Thumbalo linakhala pansi pa desiki yanga masiku atatu, ofesi yonse ikununkha usipa, ndikufunafuna kondakitala wa basi ya ku Joni amene angalifikitse.